Zimene Barnaba Anakwirira pa Mkuyu

Ndinafika m'dera la Nsadzo m'chilimwe, njinga yanga itaduka tcheni, ndipo ndinakhala masabata awiri kwa bambo wina dzina lake Barnaba. Anali munthu wofatsa, mmodzi mwa amene anabwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha.

Masiku amenewo boma linali litalonjeza mjigo, koma linati malo asankhe okha eni mudzi. Mayi Lurdes, amene anthu anawaika kutsogolera za madzi, anaitanitsa msonkhano pa shikola, sukulu ya m'mudzimo. Aliyense analankhula, ndi atsikana otunga madzi omwe. Anakangana mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenaka anamvana chimodzi: mjigo ukhale pa mkuyu wa kudambo, pamene panali njira yakale. Malowo anali atawirira, panalibe amene ankapitako.

Kumeneko sakumba malo atsopano asanauze makolo. Amathira ufa patsinde pa mtengo, ndiye aliyense amaponda pamalopo ndi phazi lake, kuti wina asadzakane mawa kuti sanavomereze. M'mawa mwake mudzi wonse unanyamuka pamzere, amayi akuimba, amuna anayi patsogolo akulambula thengo ndi zikwanje.

Tili m'njira, Barnaba anandigwira mkono. Dzanja lake linali lozizira ngati la maliro.

"Akulu, pamenepo ndinakwirirapo mina ziwiri. Zija zophulika munthu akaponda."

"Mukuti chiyani?"

"Anandigwira ndi mfuti nthawi ya nkhondo, nandiuza kuti ndikumbe. Zinali zitatu."

"Auzenitu anthuwa msanga!"

"Yachitatu ndi imene inapha mlongo wa Lurdes. Akadziwa, andidula ndi zikwanje zomwezo."

Ndinayang'ana kutsogolo. Francisco, amene ankatsogolera olambula, anali atayandikira mthunzi wa mkuyu. Ndinafuna kukuwa ndekha, koma ndinachedwa.

Anakuwa ndi Barnaba. "Imani! Francisco, ima pomwepo!"

"Iii, madala awa kachasu amuyamba m'mamawa," anatero Francisco, anthu n'kuseka.

"Pali mina. Ndinakwirira ndine."

Nyimbo inaduka pakati. Mayi wina anaponya lichero la ufa nafuna kuthawa, koma Lurdes anamugwira nsalu.

"Wina asasunthe! Francisco, mwananga, bwerera chafutambuyo. Uziponda momwe unaponda."

"Sindikuona pomwe ndinaponda, mayi!" Mawu ake anali ngati a mwana wakhanda.

Barnaba anayenda kulowa m'thengomo, pang'onopang'ono, maso ali pa mtengo, milomo ikuwerenga mapazi. Anamugwira Francisco lamba namukoka ngati mbuzi. Palibe anapuma bwino mpaka olambula onse anayi aja atatuluka.

Atatero, mantha aja anasanduka china. Amuna anamuzungulira Barnaba, zikwanje zili m'manja. Iye anagwada.

Lurdes anabwera naima patsogolo pake. "Ija inapha achimwene anga Elídio pano, ndinunso?"

"Ndine, mayi."

"Zaka zonsezi mwakhala mukundipatsa moni. Pa maliro a amayi munakumba nawo manda."

Wina kumbuyo anati, "Tisiyireni ife." Ndinatseka maso.

"Musamukhudze," anatero Lurdes. "Akafa uyu, adzatisonyeza ndani pomwe zili?" Anatembenukira kwa anthu. "Dzulo tinalankhula tonse, koma zenizeni sitinanene. Alipo wina akudziwa malo ena otere? Anene lero, ana athu asanapite kukatola nkhuni."

Kenaka mkulu wina wa mpingo, amene dzina lake sindilemba, anakweza dzanja mpaka paphewa pokha, nkhope atazolika.

Anthu anamangirira nsanza zofiira kuzungulira thengo lonselo. Masana omwewo Lurdes ananyamuka wapansi kupita ku posito, ku ofesi ya dera, kukauza a boma, Barnaba ndi mkulu uja akumutsata pambuyo patali, osalankhulana.

Pamene ndinkachoka, Barnaba anali adakali m'nyumba mwake, ndipo pamsonkhano wosankha malo ena anamuitana. Anakhala kumapeto, yekha. Lurdes anamufunsa pamaso pa onse ngati malo atsopanowo anali abwino. Iye anati inde. Moni wokha sanamupatse.