Nkhope Yolakwika pa Khoma la Chipatala

Kutatsala masiku anayi kuti avundukule chithunzi cha malemu amayi anga, ndinasuzumira kuseri kwa nsalu imene inaphimba khoma la chipatala. Nkhope imene inali pakhomapo sinali ya amayi. Inali ya amayi aang'ono, mng'ono wawo, amene m'mawa womwewo ndinawasiya ali moyo, akupalasa makina awo osokera pakhonde. Pansi pa nkhopeyo panali dzina la amayi, chaka chobadwa ndi chaka chomwalira.

Amayi anga anagwira ntchito ya uzamba pachipatala chathu chaching'ono kwa zaka makumi atatu. Anthu ankangowatchula kuti Azamba. Atamwalira, komiti ya chipatala inaganiza zowakumbukira ndi chithunzi chachikulu cha penti pakhoma loyang'ana kumsewu. Ife apabanja sanatifunse kanthu. Anangotitumizira kalata yotiitana kumwambo wa Loweruka, ati ankafuna kuti tidzadabwe ndi chimwemwe.

Wojambulayo anabwera m'dera lathu amayi atamwalira kale. Anthu ankamutchula Kabulashi, chifukwa sankayenda wopanda kabulashi kuseri kwa khutu. Ine ndi iyeyo tinali ndi chinsinsi chathuchathu. Kwa miyezi isanu tinkakumana mu laibulale, kuseri kwa shelefu ya mabuku a mapu, kumene kunalibe wofikako. Kunyumba kwathu anali asanapondeko, ndipo anali asanawaonepo amayi aang'ono. Za chithunzicho ankandikaniza kuona. Ankati ndidikire Loweruka ngati wina aliyense. Koma ine chinsinsi cha mnzanga chimandiyabwa, n'chifukwa chake ndinasuzumira.

Kabulashi anatsika pamakwerero akumwetulira, akuti wandigwira. Ataona nkhope yanga, kumwetulirako kunatha.

"Awa si amayi anga," ndinatero. "Awa ndi amayi aang'ono. Ali moyo."

Bulashi inagwa m'manja mwake n'kuthimbiriritsa nsapato yanga. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kachithunzi kakale kakuda ndi koyera. Kanali ka mayi wovala yunifolomu ya azamba. Kuseri kwake kunalembedwa dzina la amayi. Anati wapampando wa komiti anakapeza m'katoni, m'chipinda chosungira katundu, ndipo iye anangojambula chimene anapatsidwa.

Anandipempha kuti ndimubweretsere chithunzi china mwakachetechete, akonze nkhopeyo wina asanadziwe. Koma kunyumba kwathu kunalibe chithunzi cha amayi ngakhale chimodzi. Ankati akaona kamera, ankapeza ntchito kukhitchini. Mumtima munandifikira ganizo loipa lakuti tingokhala chete, pajatu awiriwo ankafananako. Kenako ndinakumbukira kuti amayi aang'ono amamwa mankhwala a mtima, ndipo Loweruka adzakhala pampando wakutsogolo. Ndinawaona m'maganizo nsalu ikugwa, iwo akudziwerengera okha chaka chawo chomwalira.

Tinathamangira ku laibulale, kumene timathawira nthawi zonse. Woyang'anira laibulaleyo ndi mayi wachikulire amene timamutchula Amabuku. Iwo ndi amene amasunganso mapepala akale a dera lathu. Anatimvetsera mpaka kumapeto, atagwira pakamwa. Atatero anavula magalasi.

"Chinsinsi ndi chimene chakufikitsani apa," anatero. "Ndiye mukufuna kuchikonza ndi chinsinsi china?"

Anatifotokozera mmene ntchito yotere imayendera. Anati musanaike nkhope ya munthu pakhoma, choyamba mumapita kwa abale ake kukapempha chilolezo, ndipo chimalembedwa papepala. Chithunzi chimene mwapeza mumachionetsa kwa anthu amene ankamudziwa, osangodalira zolembedwa kuseri kwake. Dzina ndi zaka mumazitsimikiza ndi mapepala a mwiniwake. Wojambula amayamba wajambula papepala, abale n'kuona, n'kuvomereza, kenako penti imafika pakhoma. Pomaliza anawonjezera kuti mabuku a mapu aja awerengedwa mokwanira miyezi isanuyi, tsopano apume. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Amabuku anatseka laibulale n'kupita nafe kwa wapampando. Bamboyo atamva nkhaniyi anakhala pansi ngati wamenyedwa ndi mphezi. Anabwereza kangapo kuti iye ankafuna kuchita zabwino. Amabuku sanamukalipire. Anangomuuza kuti nkhope ya munthu ili ndi eni ake, ndipo chikumbutso sachipanga mobisa ngati mphatso yokulunga m'pepala. Anati njira inali imodzi yokha: tonse tipite kunyumba, tikanene zoona lero lomwe.

Tinawapeza amayi aang'ono ali ndi tepi m'khosi, akusoka diresi la mwana. Wapampando analankhula mozungulira mpaka Amabuku anangowapatsa amayi aang'onowo kachithunzi kaja. Makina anaima. Anakayang'ana nthawi yaitali, dzanja lina lili pachifuwa. Ine ndinkangoganiza kumene amaika mankhwala awo.

"Ndiye mwandipha ndisanamalize madiresi a eni ake?" anafunsa motsitsa mawu.

Palibe anaseka. Anayamba kuseka ndi iwo eni, kenako kusekako kunasanduka misozi. Ndipo anaulula chinsinsi chimene anasunga zaka zoposa makumi awiri. Tsiku limene wojambula zithunzi anabwera kudzajambula ogwira ntchito pachipatala, amayi anaitanidwa mwadzidzidzi. Mayi wina anali atayamba kubereka panjira, ndipo mwana anali atakhala mopingasa. Wojambulayo anati sangadikire, komanso sadzabweranso. Amayi aang'ono anali atabweretsa yunifolomu imene anaikonza. Amayi anangowauza kuti avale, akakhale pampandopo m'malo mwawo, iwo n'kuthamanga. Amene ankadziwa za nkhaniyi anasamuka, ena anamwalira, kachithunziko kanatsala m'katoni ndi dzina la mwini yunifolomu.

"Achemwali anga anasankha mwana, osati kamera," anatero akupukuta maso ndi kansalu kotsala. "Mukanandifunsa, ndikanakuuzani tsiku loyamba."

Wapampando anapepesa, ndipo anapempha chilolezo chimene anayenera kupempha kalekale. Amayi aang'ono anati aitane kaye achimwene anga aakulu. Kenako anatembenukira kwa Kabulashi, n'kumuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Anayang'ananso penti imene inali pa nsapato yanga. Anafunsa kuti wapenti m'makutuyu ndi ndani wanga. Ndinati ndi wojambula. Anati zimenezo aziona, iwo afunsa zina.

Vuto linatsala linali la nkhope. Amabuku analemba chidziwitso n'kuchimata pachitseko cha chipatala ndi cha laibulale, kupempha aliyense amene anali ndi chithunzi cha Azamba kuti abwere nacho. Lachitatu lonse anthu ankabwera ndi zithunzi za ana awo ali makanda. Tinaziyala patebulo. Amayi analimo pafupifupi m'zonse, koma nkhope yawo ayi. Pena panaoneka manja okha atanyamula khanda. Pena msana. Pena mutu woweramira mwana. Dzuwa linapendeka tisanapeze kanthu.

Lachinayi m'mawa kunabwera kalipentala wina, utuchi uli m'tsitsi, atanyamula envulopu yothimbirira. Anati mayi ake ankamuuza kuti anabadwira panjira, ndipo akanapanda Azamba sakanakhala moyo. Patapita sabata bambo ake anabwereka kamera, n'kuwajambula Azamba mowabera atamunyamula. Ndinatsegula envulopuyo. Pachithunzi chimene chinali m'menemo amayi anali atadzutsa mutu, akuseka, mpata wa mano awo ukuoneka, ndi kachipsera kaja pamwamba pa nsidze yakumanzere. Amayi aang'ono anawerenga tsiku lolembedwa kuseri, n'kugwira mkono wa kalipentalayo.

"Ndiwe mwana uja," anatero. "Ndiwe unandiveka yunifolomu."

Kabulashi anajambula nkhopeyo papepala ife tikuona. Amayi aang'ono anamuuza kuti masaya wawachepetsa. Achimwene anabwera ndi chiphaso cha amayi, ndipo tinapezanso kuti chaka chobadwa chimene chinali pakhoma chinalakwika ndi zaka ziwiri. Zonse zitakonzeka, achimwene ndi amayi aang'ono anasaina papepalalo. Kabulashi anafufuta nkhope yakale, n'kugwira ntchito masiku awiri osatsika pamakwerero kupatula pomwa madzi. Ulendo uno nsalu inkatseguka kwa wachibale aliyense wofuna kuona.

Loweruka anthu anadzaza mpaka kumsewu. Amene anakoka nsalu anali amayi aang'ono. Nsaluyo inagwa. Amayi anali pamenepo, akuseka, khanda lili m'manja. Mayi wina kumbuyo ananong'ona kuti ndi iwowo, ndipo mawuwo anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kutsogolo. Kalipentala uja ankalira osabisa.

Wapampando anaimirira n'kufotokoza poyera cholakwa chimene komiti inachita. Analonjeza kuti chikumbutso china chilichonse chidzayambira pakhomo pa abale. Kachithunzi ka m'katoni kaja anakapereka ku laibulale, ndipo Amabuku analemba kuseri kwake dzina loona ndi nkhani yake yonse. Anthu akubalalika, amayi aang'ono anamuitana Kabulashi n'kumuuza kuti Lamulungu abwere kunyumba, adzalowere khomo lakutsogolo, atasamba m'makutu.

Ine ndimakondabe zinsinsi, koma ndinaphunzira kuti ulemu saupereka mobisa. Ngati m'dera lanu mukufuna kukumbukira munthu amene anakutumikirani, kaya ndi chithunzi, chosema kapena dzina pakhoma, yambani mwafunsa abale ake. Tsimikizani nkhope, dzina ndi zaka, ndipo aonetseni ntchitoyo isanafike pagulu. Munthu amene anakutumikirani ndi moyo wake wonse ayenera kukumbukiridwa ndi nkhope yakeyake.