Makapusozi a Geoffrey

Mwendo wa Geoffrey unatupa m'sabata yokumba mbatatesi, nthawi imene mlimi wa ku Biriwiri saloledwa kudwala ngakhale chimfine. Khasu linangomukanda pamsongolo, kabala kochititsa manyazi kukaonetsa munthu. Iye anakamanga ndi kansanza n'kupitiriza ntchito. Koma kabalako kanafiira, kanayamba kutentha ndi kutulutsa mafinya, mpaka nsapato inakana kulowa. Mkazi wake Selestina anaitana wakabaza n'kupita naye kuchipatala chaching'ono cha m'deralo.

Kumeneko ndi kumene zinthu zinaipira. M'chipinda choonera odwala munali dokotala watsopano, Eliness, ndipo Selestina anamuzindikira asanatembenuke n'komwe. Mudzi wonse unkadziwa kuti Geoffrey ndi Eliness anali pachibwenzi ali kusekondale, Eliness asanapite kukoleji, Geoffrey asanabwerere kukhasu. Zinali zakalekale, ana atatu anali atabadwa m'nyumba ya Selestina, koma nsanje siyang'ana kalendala.

"Jefu, mwendo uwu mwachedwa nawo bwanji?" anatero Eliness uku akuvala magolovesi.

Jefu. Selestina wakhala pabanja zaka zonsezi akuitana mwamuna wake kuti bambo a Mfundo, ndiye apa munthu wovala zoyera akungodula dzinalo ngati nzimbe.

Eliness anatsuka chilondacho n'kuyamba kulemba mankhwala. Kenaka anaimitsa cholembera.

"Paja inu Bakitirimu sakuyanjani. Ndikukumbukira mmene munatupira milomo tili Fomu 2. Ndikupatsani ena."

Geoffrey anaseka, akuti anali ataiwala. Selestina sanaseke. Ankadziwa kuti mwamunayu sakonda mchere wambiri, ankadziwa kuti amaliza mkonono akagona chagada, koma za milomo yotupa anali kuzimva koyamba, ndipo kuzimvera m'kamwa mwa mkazi wina. Zinamupweteka kwambiri.

"Amayi a Mfundo," Eliness anatembenukira kwa iye ndi ulemu wonse, ulemu umene unangosonkhezera moto, "makapusozi awa azimwa pa nthawi imene ndalemba pakathumbapo, osadumphitsa. Akayamba kupeza bwino asasiye, amalize onse. Tizilombo tikatsalira timadzukanso tili tolusa. Ndipo musagawireko wina aliyense, ndi awo okha."

"Tamva, adokotala."

Kunyumba kathumba kapulasitiki kaja kanakhala pawindo la kuchipinda, dzina la Geoffrey lili pamwamba m'zilembo zopendekera bwino. Geoffrey ankamwa mokhulupirika kuposa mmene ankaperekera chakhumi kutchalitchi. Nthawi ikakwana, ngakhale ali pakati pa nkhani, ankati, "Eliness anati tisadumphitse." Madzi akachedwa kufika, "Paja Eliness anati..." Dzina limenelo linkalowa m'nyumba mmawa, masana ndi madzulo, osagogoda n'komwe.

"Kodi Eliness ananenanso kuti muziphethira kangati patsiku?" Selestina anafunsa tsiku lina akuika kapu pansi mwamphamvu.

"Amayi a Mfundo, mukukangana ndi mankhwala tsopano?"

Chowawitsa mtima n'chakuti mankhwalawo ankagwira ntchito. Kutupa kunaphwa, mafinya anauma, Geoffrey anayamba kutsetsereka yekha kupita kudimba. Aliyense amene wakumana naye panjira ankamuuza kuti dokotala watsopanoyu ali ndi dzanja labwino. Za munthu amene ankawiritsa madzi amchere otsukira chilonda, amene anakumba mbatatesi yekha n'kukalimbana ndi ogula a ku Lizulu, panalibe amene ankanena.

Masiku omwewo chitopa chinagwa m'mudzi. Kuno kwathu nkhuku zikayamba kuwodzera, mayi aliyense amadziwa chochita: amafufuza makapusozi otsala m'nyumba, amawatsegula, ufa wake n'kuthira m'madzi akumwa a nkhuku. Alangizi anena mpaka kusasa mawu kuti chitopa sichimva makapusozi, chimapewedwa ndi katemera, koma chizolowezi n'chouma mutu. Selestina anayang'ana nkhuku zake zitazyolika pansi pa nkhokwe. Anayang'ana mwamuna wake akuyenda bwinobwino kumunsiko. Munthu wachira kale, anadziuza, otsalawa akungodikira chiyani? Kunena zoona, nkhukuzo zinali chonamizira chabe. Chimene ankafuna n'chakuti kathumba kaja kachoke pawindo lake.

Anatsegula makapusozi onse otsala, anavundula ufawo m'phale la madzi, timakoko take n'kutaya kuseri kwa khola.

"Makapusozi aja ali kuti?" Geoffrey anafunsa atabwerako kudimba.

"Anatha mmawa uja. Simunaone?"

Geoffrey anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatuluka kukaona nkhuku, anazungulira kuseri kwa khola, ndipo atabwerako sanafunsenso kanthu. Dzina la Eliness silinamvekenso m'nyumbamo. Selestina anasangalala, n'zoona, ngakhale chimwemwe chake chinali chosakhazikika.

Nkhuku zinafa ndithu, mpaka tambala. Mwendo unangodikira masiku ochepa, kenaka unabwerera ndi ukali. Kufiira kunakwera mpaka m'bondo, mwanabele anatuluka m'mphechepeche, ndipo Geoffrey ankanjenjemera atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Apa Selestina anachita mantha enieni. Anali ataonapo bambo wina wa ku Mlangeni akuyendera ndodo ziwiri, buluku atalipinda m'bondo, chiyambi chake kabala konga komweka. Mlimi wa m'mapiri wa mwendo umodzi angatsike bwanji kudimba?

Anabwereranso kuchipatala. Eliness atamasula nsalu, nkhope yake inasintha. Lero panalibe za Jefu.

"A Geoffrey, makapusozi aja munamaliza?"

"Ndinamaliza onse," anayankha Geoffrey, maso ali kudenga.

"Onse? Osadumphitsa?"

"Onse."

Eliness anakhala pampando, anavula golovesi imodzi.

"Ndikufunsa chifukwa chochita changa chidalira yankho lanu. Ngati munamwa onse bwinobwino n'kufika apa, ndiye kuti tizilomboti sitikuwamva mankhwala amenewa, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. Ngati munalekeza panjira, ndi nkhani inanso. Ndikayenda njira yolakwika titaya nthawi, ndipo mwendo uwu ulibe nthawi yotaya."

Geoffrey anapitiriza kuyang'ana kudenga. Thukuta linkatsika m'khosi mwake. Selestina anazindikira kuti mwamunayu akudziwa zonse, ndipo akumuphimba kuti asachite manyazi pamaso pa mkazi uyu, akumuphimba ndi mwendo wake womwe. Zinamukhudza, komanso zinamukwiyitsa, chifukwa tsopano panalibenso wina woti alankhule koma iye. Mwa akazi onse a m'boma la Ntcheu, woti akaulule kwa iye anayenera kukhala Eliness. 

"Sanamalize, adokotala," anatero Selestina.

Eliness anatembenuka.

"Amayi a Mfundo, musa..." Geoffrey anayamba.

"Khalani chete inu. Sanamalize. Atayamba kuyenda, ndinatenga otsalawo ndinapatsa nkhuku. Iwo ndinawauza kuti atha."

"Anatsala ochuluka?"

"Pafupifupi theka."

Selestina anadikira chipongwe. Ankachifuna ndithu, kuti apeze poyambira kudana naye bwinobwino. Koma Eliness anangogwedeza mutu n'kuvala golovesi ina.

"Mwachita bwino kunena. Tsopano ndadziwa poyambira."

Anatenga cholembera n'kulemba mzere pakhungu, kuzungulira pamene kufiira kunalekezera.

"Kukadutsa mzere uwu, kapena thupi likapitiriza kutentha, ndikutumizani kuchipatala chachikulu, musadzakane. Pakali pano makapusozi okha sakwaniranso. Azibwera mmawa uliwonse kudzabayitsa jakisoni, ndipo chilondachi ndizichitsuka ndekha mpaka ndione kuti chayamba kupola."

"Mmawa uliwonse?" Selestina anafunsa ndi mawu otsika.

"Mmawa uliwonse. Tandigwirirani beseni ili, amayi."

Selestina anagwada pasimenti n'kulandira besenilo ndi manja awiri. Eliness ananyamula mwendo wa Geoffrey mosamala, anautsamiritsa pabondo pake, n'kuyamba kutsuka pang'onopang'ono. Geoffrey anabuula, ndipo Eliness anamuuza motsitsa kuti apirire, zitha posachedwa. Madzi ofiirira ankadontha m'beseni, ena akumuthonyera Selestina pazala.

"Zikomo, adokotala," anatero Selestina, ndipo ananena kuchokera pansi pamtima, ngakhale mtimawo unkawawa.

Anagwira besenilo mpaka mapeto, maso ake osachoka pamanja a Eliness.