Alendo a Bambo Wailesi Azondera Pawindo

Bambo Wailesi atangotuluka m'chipatala, nyumba inadzaza ngati basi ya m'mawa. Dzinalo anawapatsa ndi anthu amene amabwera kudzametedwa tsitsi kwa iwo, poti bambowa akagwira mashini pakamwa sipatsekeka. Nanga munthu wotere akadwala, ndani angalephere kudzamuzonda? Anzawo ometa, akwaya, alamu, ngakhale amene anangometedwako kamodzi, onse ankabwera. Aliyense ankalowa mpaka kuchipinda, kuwagwira chanza, n'kukhala pabedi pomwepo.

Akazi awo, mayi a telala, mutu unawaima. Adokotala anali atanena kuti abambowo ali ndi lukemiya, kuti mankhwala awabweretsera nyutropeniya, ndiye alendo achepe. Mayiwo anangoti, "Chabwino adokotala," koma mawu akuluakuluwo sanawamve tanthauzo lake. Komanso munthu wadzakuzondera wodwala, ungamubweze pakhomo ndi nkhope yanji?

Kenaka azakhali amene analera bambo Wailesi anaimba foni kuti akubwera. Mawu aliwonse ankatsagana ndi chifuwa: kho! kho! Apa mayi a telala anachita mantha, n'kuthamangira kwa anamwino oyandikana nawo nyumba, amene anawapeza akuyanika zovala.

"Anesi, ndithandizeni. Zinyutro-nyutro zimenezi n'chiyani kwenikweni? Kuchipatala kuja ndinachita manyazi kufunsa."

"Iii, amayi, safunsa anadya phula!" anatero anamwino akuseka. "Gwirani mbali iyi ya nsalu ndikuuzeni. M'magazi mwathu muli maselo ofiira ndi oyera. Oyerawo ndi amene timati asilikali a m'thupi, olimbana ndi tizilombo. Lukemiya ndi khansa ya m'magazi. Thupi limapanga asilikali ambirimbiri, koma osakhwima, osatha ntchito."

"Nanga inayo?"

"Mankhwala akamapha maselo oipawo, amagwetsako ndi abwino omwe kwa kanthawi. Asilikali amene amayambirira kulimbana ndi tizilombo akachepa, ndiye nyutropeniya imeneyo."

"Ndiye abambowa angapatsire anthu?"

"Ayi, sizipatsirana. Oopsa ndi ifeyo. Chimfine chimene inu mumachira mutangogona, iwo chikhoza kuwabweza m'chipatala, mwinanso kuwatenga. Ndipo thupi likangotentha kapena kunjenjemera, musawapatse mankhwala a mutu n'kumati tione mawa. Thamangani nawo nthawi yomweyo."

Mayi a telala anasiya nsalu ija n'kugwira pakamwa. "Mayo ine! Nanga azakhali ndi chifuwa chawo chija?"

Anamwino anabwera kudzaona nyumba. Windo la kuchipinda linali loyang'ana pabwalo, choncho anakoka benchi n'kuliika chapatali pang'ono ndi windolo. Pakhomo anaika ndowa ya madzi ndi sopo. Mayi a telala anakhala pamashini, n'kusoka zotseka pakamwa kuchokera ku zidutswa zotsala.

Azakhali anafika masana, chikwama pamutu, n'kulunjika kuchitseko. Mayi a telala anagwada pakhomo pomwepo.

"Azakhali, takulandirani. Koma pepani, m'nyumba musalowe kaye."

"Wati chiyani?" Chikwama chinatsika chokha. "Mwana ameneyu ndinamubereka kumsana ine! Ndamupukuta mamina ndi nsalu yanga! Lero iwe wobwera dzulodzuloli undiletse kumuona?"

Mawuwo anawalasa mayi a telala, misozi n'kulengeza, koma pakhomo sanasunthe. Anafotokoza za asilikali aja mmene anamvera. Azakhali anafuna kuyankha, koma chifuwa chinawatsogolera, n'kutsokomola mpaka kugwira khoma.

"Azakhali!" Anali bambo Wailesi, atatsegula windo, nkhope yowonda koma maso akuseka. "Chifuwa chimenecho ndachimva musanatsike basi. Asilikali anga atsala ochepa, ndipo otsalawo ndi amantha ngati mwini wake. Mukalowa nacho athawa onse!"

Azakhali anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, n'kuona mmene kolala ya malaya inakulira khosi. Anapukuta m'maso, n'kukhala pabenchi.

"Ndipatse kansaluko, mpongozi," anatero. "Koma kamaluwako, osati kakudako ngati ndili pamaliro."

Kuyambira tsiku limenelo, pakhomo panapezeka mlonda woposa alonda onse. Usiku azakhali ankagona kwa mdzukulu wawo wina wokhala chapafupi, masana ali pabenchi. Mnzawo wa bambo Wailesi wometa nawo atangoyetsemula pageti, anamubweza ngati nkhuku yolowa m'khitchini. Akwaya anaimbira pabwalo, wodwala akuwayankha pawindo ndi besi yake yosweka. Wathanzi ankaloledwa kulowa mmodzimmodzi, atasamba m'manja ndi kuvala chotseka pakamwa. Amene anadandaula, azakhali ankamuphunzitsa okha. "Imeneyi ndi nyutropeniya, bambo. Simukuidziwa? Khalani apo ndikuuzeni."

Tsiku lokayezanso magazi, mayi a telala anakhala pamzere manja ali pachifuwa. Adokotala atati asilikali akwera, palibe matenda ena alowa, ndipo mankhwala apitirira pa nthawi yake, mayiwo anaseka ndi kulira nthawi imodzi.

Pofika kunyumba anapeza azakhali, chifuwa chitatheratu, akusamba m'manja mpaka m'zigongono. Azakhaliwo analowa m'nyumba koyamba, n'kugwira dzanja la mwana wawo, osalitaya. Dzanja linalo anagwira mpongozi wawo.

"Ukanandimvera ine tsiku lija, sindikudziwa kuti zikanatha bwanji," anatero motsitsa mawu. "Unachita bwino, mwana wanga."

Abale, mawu a kuchipatala akakukulirani, funsani mpaka mumvetse. Wodwala amene asilikali ake a m'thupi achepa amafuna manja osamba, alendo opanda chifuwa kapena chimfine, ndi chipatala msanga thupi likatentha. Kumuzonda muli pataliko si kumutaya ayi, n'kumukonda.