Nyimbo Yachisanu ndi Chimodzi

Kunja minibasi inaliza hutala kachitatu, ndipo Rosaria, mtsogoleri wa kwaya ya ku Kanakantapa, anali ataima pamsana pa Chabala ngati woyang'anira mayeso. Chabala ndiye mwini kasitudiyo ka pa Chongwe komwe kwayayo inajambulitsa nyimbo zisanu ndi imodzi tsikulo. Tsopano ankazisamutsira pa hadi disiki ya mpingo. Kompyuta itangonena kuti yatha, Rosaria anazula chingwe cha disikiyo yekha.

"Ba Rosaria, mwachita chani?" anafunsa Chabala, manja ali m'mutu.

"Yakamba kuti yasiliza. Nimaziba kubelenga, iwe."

Chabala analumikizanso disikiyo. Nyimbo zisanu zinalira bwinobwino. Yachisanu ndi chimodzi dzina lake linalipo pamndandanda, koma m'kati munali zii.

"Iyi mashini imayamba kulemba zina, nyimbo yeve imabwela kumbuyo pang'ono pang'ono," anatero Chabala. "Monga kulemba zina pa saka, chimanga mukalibe kuikamo. Imwe mwanyamula saka chabe."

"Nanga yamene inali mu kompyuta yako?"

"Nenze kusamusa, osati kukopa. Kuno inafutika kudala. Apo nalakwa ni ine."

Rosaria anachita manyazi. Nyimbo yotayikayo inali ya a Yoramu, mkulu wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zinayi, amene anaipeka okha ndi kuitsogolera okha. Anali atalengeza kale kuti chaka chino n'chomaliza, chifuwa sichikuwalolanso. Mawu awo anali asanajambulidwepo chibadwire, ndipo m'mawa uja anawathira onse m'nyimboyo osasiyako ngakhale a mawa.

Rosaria anatuluka n'kuwapeza pampando wakutsogolo m'minibasi, akusenda nthochi. Rosaria si munthu wopepesa kawirikawiri, kwaya yonse ikudziwa, choncho atagwada pafumbi anthu anasuzumira m'mawindo kuti asaphonye.

"Atate, nyimbo yanu naiononga nine. Nachita changu."

A Yoramu anamaliza kaye nthochi yawo.

"Iwe na changu chako," anatero ndi mawu osasa. "Na pa ubatizo wako unalila abusa bakalibe kutila manzi. Tiyeni, sikani monse."

Dalaivala anadandaula za msewu wafumbi ndi dzuwa lopendeka, koma Mirriam wa soprano anamupatsa botolo la munkoyo, chakumwa chonga thobwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Anthu khumi ndi asanu ndi atatu anadzazanso m'kachipinda kaja, thukuta lili kamukamu, akuseka Rosaria mosabisa. A Yoramu anamwa madzi ofunda n'kuyamba. Pavesi lachiwiri mawu anawathawa, anangotsala mpweya, ndipo kwaya inawanyamula mpaka anabwereramo.

Ulendo uno Chabala anakopa, nadikira mpaka kompyuta itanena kuti disiki ikhoza kuchotsedwa. Rosaria anakhala patali, manja atawapinda kumbuyo. Kenaka onse anamvetsera nyimbo yonse kuchokera pa disikipo. Pofika pamene mawu anasweka paja, Chabala anaimitsa.

"Apa ningakonzeko, tate. Ningadule, sipazamveka."

A Yoramu anapukusa mutu, akumwetulira.

"Siya mwamene ilili, mwana wanga. Bazukulu bazibe kuti ninaimba mpaka mau yanasila."

Rosaria anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, napempha Chabala kuti azule chingwe ndi dzanja lake.