Sofa Yobwereka

Tadala atasankhidwa kupita ku sekondale, mayi ake, Mai Idah, analulutira mpaka aneba onse kutuluka kudzaona. Chimwemwecho sichinakhalitse. Fizi, yunifolomu ndi nsapato sizikanatuluka m'beseni la zitumbuwa limene ankakhala nalo pa siteji ya minibasi ku Ndirande. Ndiye ahedi atalengeza kuti bungwe lina likufuna kulipirira sukulu ana a mabanja ovutika, ndipo lidzayendera makomo Lachinayi, Mai Idah anati Mulungu wayankha.

Koma mayiyu anali ndi manyazi ake. Kwawo ku Thyolo analeredwa kuti mlendo umamulandira mwaulemu, mavuto ako n'kuwabisa kuseri kwa chitseko. Anayang'ana m'kanyumba kawo ka lendi: mphasa, ndowa ziwiri ndi chigubu chimene ankakhalira. Anthu a ku ofesi adzakhale pa chigubu? Ayi ndithu, iwo akadali moyo.

Lachitatu masana anagogoda kwa aneba awo, Mai Kristina, amene amuna awo ankagwira ntchito ku mafakitale a ku Makata.

"Asisi, ndibwerekeniko sofa mawa lokha. Kukubwera alendo, asadzandione ngati wamisala."

"Tengani, ndi ka TV komwe, kakakongoletse pakona," anatero Mai Kristina ndi mtima wawo wabwinowo.

Tadala ndiye anagwira mbali ina ya sofayo. Atafika pakhomo anaima.

"Amayi, koma paja akufuna ovutika?"

"Kuvutika si uve, iwe. Tanyamula."

Lachinayi kunabwera mtsikana wa bungwe lija ndi fomu yake. Anakhala pa sofa, n'kumwaza maso, n'kumalemba. Mai Idah anamuthirira tiyi wamkaka m'kapu ya Mai Kristina.

"Mayi, pano mumadya kangati patsiku?"

"Katatu, mwanangu, Mulungu amationa."

Pakamwa panangoyankha pokha, mmene munthu amanenera kuti ali bwino malungo atamugwira. Chonsecho dzulo lake anagonera zitumbuwa ziwiri zotsala. Tadala anali chiimire pakhomo, maso ali pansi.

Patatha milungu itatu, mayina anamatidwa pa sukulu. Mai Idah anatsitsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, kawiri konse, koma dzina la mwana wawo panalibe. Anathamangira ku ofesi ya bungwe, kumene mkulu wina, Bambo Onesimo, anawatulutsira fomu ija.

"Mayi, apa palembedwa kuti muli ndi sofa, muli ndi TV, mumadya katatu. Malo anali ochepa, ndiye tinayamba ndi amene alibiretu."

"Achimwene, zonsezo n'zobwereka! Tiyeni pompano mukaone nokha, muli chigubu basi."

"Ndakumvani, mayi, ndipo pepani. Koma mayina anapita kale. Mwina chaka chamawa."

Mai Idah anabwerera wapansi, ali ndi chisoni chimene sanachimvepo chimwalirireni amuna awo. Panalibe woti amuloze chala. Sofa anakaipempha okha, bodza ananena okha, ndipo mwana anawachenjeza pakhomo pomwe. Chowapweteka kwambiri chinali chakuti Tadala sanawanene ngakhale tsiku limodzi. Bola akanalira, kapena kuwanyanyalira.

Sukulu zitatsegulidwa, Tadala anayamba kukhala nawo pa siteji. Anzake akamadutsa atavala yunifolomu, iye ankawerama n'kumakonza zitumbuwa zimene zinali kale bwinobwino.

M'mawa wina Mai Idah anapita kukagula mafuta ophikira. Pobwera anapeza kondakitala ataima pa beseni, Tadala akung'amba pepala m'kope kuti akulungire zitumbuwa. Analizindikira kopelo. Linali la masamu la Sitandade 8, lija aphunzitsi ankalichonga ndi cholembera chofiira tsamba lililonse.

"Iwe, usang'ambe! Anati chaka chamawa..."

Tadala anakulunga zitumbuwazo bwinobwino n'kupereka ndi manja awiri.

"Mapepala atha, amayi. Kasitomala amadikira."