Bondo Lobwereka

Kukiliniki ya pahotela mankhwala anali aulere, koma kwa antchito okha. Mwamuna wa wantchito kapena mwana wake, ayi. Nasimbi, amene anzake a kochapira anamupatsa dzinali chifukwa chosita mashati a alendo zaka zisanu ndi ziwiri, ankalidziwa bwino lamulolo.

Amuna ake anali openta nyumba. Bondo lawo lamanzere linali litatupa ngati mpira, ndipo iyi inali sabata yachiwiri asakugwira ntchito. Kuchipatala cholipira anangofunsa mtengo n'kubwerako osalandira thandizo. Malipiro a Nasimbi ankathera pa lendi ndi chakudya mwezi usanafike n'pakati pomwe.

Lachiwiri m'mawa, ana atapita kusukulu, Nasimbi anatseka chitseko n'kuima moyang'anizana ndi amuna ake.

"Tandiphunzitseni matenda anuwa. Ndikadwale m'malo mwanu."

"Amayi a ana, akakugwirani ntchito yatha."

"Ndani andigwire? Yendani ndione."

Bamboyo anatsimphina kubwera kwa iye, Nasimbi n'kumatsanzira ngati munthu wodziyang'ana pagalasi.

"Mukugwedeza chiuno ngati muli paukwati," anatero bamboyo. "Ululu umakhala pamphumi, osati kumbuyoko."

Kenako anaseka, koyamba chiyambire kudwala. Kunali kuseka komwe kuja kumene Nasimbi anakumva tsiku loyamba kuwaona, iwo ali pamwamba pa makwerero, penti yoyera ili m'tsitsi. Mtima wake unalimba.

Nesi wa pakiliniki anali mayi wa magalasi, wosadziwa kumwetulira. Anamuyang'ana Nasimbi kuchokera pakhomo mpaka pampando.

"Chavuta n'chiyani?"

"Bondo lamanzereli, anesi. Likatupa, kupinda silipindika. Ndikamakwera makwe... masitepe ndiye ngati muli misomali."

"Lamanzere?"

"Eya."

"Nanga bwanji mwalowa mukutsimphinira lamanja?"

Nasimbi anayang'ana miyendo yake ngati ndi ya munthu wina. Apo m'pamene anazindikira: anaphunzira ataima maso ndi maso ndi amuna ake, ndiye kumanzere kwawo kunasanduka kumanja kwake.

Nesi anadzuka, n'kukhoma chitseko ndi kiyi. Anatsegula kabati, n'kutulutsa jakisoni wamkulu, n'kumuika patebulo pang'onopang'ono. Kenako anatenga fomu ndi cholembera. Nasimbi anayang'anitsitsa patebulopo. Sankadziwa choopsa kwambiri n'chiti, singanoyo kapena pepala lomwe likanatha kukafika kwa bwana masana omwewo.

Nesi anatsitsa magalasi, n'kutsitsanso mawu.

"Bondo limeneli lili ndi zaka zingati?"

Nasimbi anayankha motsitsa. "Makumi anayi ndi ziwiri."

"Limagwira ntchito yanji?"

"Limapenta nyumba."

"Linagwa?"

"Linatera pabakete."

"Likutentha thupi? Lili ndi bala?"

"Ayi, kutupa kokha."

"Limamwa mowa?"

"Lidasiya, anesi. Ndidalisiyitsa ndine."

Pakona pa mlomo wa nesi panagwedezeka pang'ono. Anabweza jakisoni uja m'kabati ngati sanamutulutse n'komwe, n'kuika m'kathumba mapiritsi, mafuta opaka ndi bandeji.

"Sabata yatha kunabwera wophika wina wandevu, akuti ali ndi nseru ya m'mawa ndiponso akulakalaka dothi," anatero. "Inu mwayesetsako."

Nasimbi anafuna kugwada, koma nesi anamugwira paphewa.

"Musapinde, mwaiwala kuti mukudwala? Tamverani. Mankhwalawa angochepetsa ululu, ine sindichiza bondo limene sindinalione. Loweruka mabwana kulibe. Mukaliuze libwere lokha, lidzere khomo la kumbuyo."

"Zikomo, anesi. Ndiye tikuthokozeni ndi chiyani?"

Nesi anayang'ana khoma la m'chipindamo, limene penti yake inkasupuka ngati khungu la njoka.

"Likadzachira, lidzabwere ndi bulashi."