Mapiritsi Ali kwa Apongozi

Mwa onse onyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje kuchokera ku Fort Lister, Stafford ndiye ankatamandidwa kuti satopa. Chinsinsi chake chinali m'thumba la malaya: mapiritsi opha ululu a tramado ogula kwa venda wina ku Chiringa. Anayamba ndi limodzi chifukwa cha bondo lopweteka. Patatha zaka ziwiri ankameza asanu pa tsiku, ngakhale tsiku lopanda alendo.

Masana ena mnzake Goliati, munthu wochepa thupi moti dzinalo linkamulemera, anamwa mapiritsi omwewo n'kutsirira kachasu. Anagona pansi pa mtengo wa mango osadzukanso. Venda uja atamva anathawa. Pochokera kumanda, Stafford atafika kunyumba anakhuthulira mapiritsi ake onse m'manja mwa mkazi wake Peggy.

"Mayi a Miracle, mundibisire. Ndikapempha mukane."

Peggy anawabisa m'ndowa ya nandolo. Stafford anawapeza tsiku lomwelo. Peggy anawabisanso mu udzu wa denga, mawa lake anapeza mwamuna wake ali pamwamba.

"Bambo a Miracle, bondo lodwala lija lakwera bwanji pamenepo?"

"Ndimaona modontha."

"Mwezi wa Okutobala uno?"

Kachitatu Peggy anakawapereka kwa mayi ake, a Belita. Apa Stafford anagwira njakata. Iye anali mkamwini, ndipo pa zaka zisanu ndi zitatu sanapondepo pakhonde la apongozi ake. Akakumana nawo panjira ankapatukira m'munda.

Masiku awiri anapirira. Thukuta linali kamukamu, manja ankanjenjemera, m'mimba munkatsegula. Tsiku lachitatu m'mawa anadzikoka mpaka kuseri kwa khola la mbuzi la apongozi, n'kunjuta atafulatira nyumba. Anatsokomola.

"Kodi mbuzi zanga zayamba kutsokomola ngati anthu?" anafunsa a Belita ali pakhonde.

"Ndine, amayi. Ndimati ndione ngati khola lili bwino."

"Khola lili bwino, abambo. Zomwe mwadzera kulibe kuno. Dzulo ndinapita nazo kuchipatala chathu chaching'ono. Adokotala akuti kusiya mwadzidzidzi n'koopsa, mupite ku chipatala cha boma. Amaona otere m'chipinda chapadera Lachinayi lokha, ndiye lero."

"Amayi, chipinda chimenecho amati n'cha amisala."

"Nanga malaya mwavala chotembenuzawo, mwatsala patali ndi amisalawo?"

Stafford anayang'ana malaya ake. Kenako misozi inatsika yokha. Anakumbukira bokosi la Goliati momwe linapepukira pamapewa pake.

"Ndikuopa kufa, amayi," anatero chapansipansi.

"Ndiye dzukani. Njinga yamoto ikubwera."

Njingayo inabwera imodzi, ndipo a Belita nawonso anali ndi ulendo wokayezetsa kuthamanga kwa magazi. Anakhala kumbuyo kwa woyendetsa, malo otsala anali kumbuyo kwawo. Stafford anakwera atagwira chitsulo chakumbuyo ndi manja onse, msana atapendekera kutali ngati akuthawa moto. Njinga ikadumpha pa mabampu ankafuula, "Pepani, amayi!" Peggy anatsala pabwalo atagwira nthiti.

Kuchipatala adokotala sanamukalipire. Anamufunsa kuti amamwa angati, iye anati atatu.

"Asanu," anayankha a Belita ali panja pa chitseko.

Anamulembera mlingo woti azichepetsa pang'onopang'ono, anamupima bondo n'kumuphunzitsa molimangira, anamuuzanso kuti azibwera Lachinayi lililonse. Sizinayende myaa. Sabata zina ankapeza adokotalawo atapita kwina, n'kubwerera osathandizidwa. Kamodzi anaterereka, anagula awiri kwa munthu wina pamsika, koma anakaulula yekha kwa Peggy ali wakugwa nkhope.

Pofika nyengo yokolola anali atasiyiratu, ndipo anabwerera kuphiri ndi bondo lomanga. Tsiku lina mnzake wonyamula katundu, Gift, anamukokera pambali n'kumufunsa ngati kusiya mapiritsiwo kumawawa, poti nayenso ankawamwa.

"Kumawawa kwambiri, usanamizidwe," anatero Stafford. "Koma Lachinayi ndikuperekeza. Tikwera njinga popanda apongozi, iweyo uli ndi mwayi."